Lezala la ku Fingoe

Kwathu kuno, mbali ya Malowera, mwamuna akafika msinkhu wofuna bulangete lakelake ankayang'ana kumwera, kutsidya la Zambezi. Atate anga anapita, amalume anga anapita, nanenso nthawi yanga itakwana ndinapita. Ndinasiya mkazi wanga ali ndi mwana wokwawa, dzina lake Lusiya. Tsiku lonyamuka mkaziyo anandikazingira chimanga, nandiperekeza mpaka pakamtsinje kakuseri kwa mudzi. Anangoti, "Mukakapeza ntchito muyambe mwatumiza nsalu. Mwanayu ndikumuberekera pachiguduli." Ndinavomera, n'kumulonjeza kuti sindikachedwa.

Tinawoloka Zambezi pabwato lophotchoka, madzi akulowa m'mbali, mwini bwato akutikalipira kuti tikhale chete ng'ona zingatimve. Kutsidyako tinayenda mpaka mapazi anang'ambika. Anzanga ena anatsalira m'mafamu a fodya. Ine ndinapitirira mpaka ndinalembedwa pamgodi wina wa golide ku Zimbabwe.

Tinkagona mukomboni, amuna okhaokha, m'chipinda chimodzi chachitali chokhala ndi mabedi a simenti. Nsikidzi zinali zonenepa kuposa ife. Ntchito yanga inali yowola miyala ndi fosholo pansi pa nthaka, anzathu akaphulitsa. Chikepe chikayamba kutsika nawe, mimba inkatsalira kumwamba. Pansipo kunkatentha ngati m'ng'anjo, fumbi linkalowa m'mano, ndipo ukatuluka makutu ankalirabe mpaka Loweruka. Eni dziko ankatitchula Amosikeni, dzina lawo la anthu ochokera dziko lathu. Ena ankatchula moseka chabe, ena ankatchula akulavula.

M'chipinda mwathu munali mkulu wina, a Zakariya, wa ku Zumbo, wobowola miyala. Anali wamtali, wouma ngati nsungwi, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chinyungwe. Lamulungu lililonse ankatulutsa kampando pansi pa mtengo wa mango n'kumameta anthu ndevu. Sankalipiritsa. Wofuna ankawabweretsera fodya kapena sopo.

Chometera chawo n'chimene chinandikopa. Chinali cha mkuwa, cholemera m'dzanja ngati mutu wa nyundo, chogwirira chake chili ndi timizere kuti chisaterereke. Ukapotokola chogwiriracho mutu unkamasuka, n'kuikamo lezala lakuthwa mbali zonse ziwiri, n'kumanganso. Anati anachigula kwa mmwenye wina ku Bulawayo ine ndisanabadwe, ndipo chinali chisanasweke paliponse. Malezala a masiku amenewo nawonso anali malezala. Tinkagula pasitolo ya pamgodi, akudera ngati khosi la nkhanga, olimba. Limodzi linkameta chipinda chonse. Likayamba kukoka tsitsi, a Zakariya ankathira timadzi m'tambula yagalasi, n'kulipukutiza m'kati mwa tambulamo ndi chala, uku ndi uku, ndipo linkathwanso.

Iwo ndiwo anandiphunzitsa kumeta. Ulendo woyamba ndinacheka mnzathu wina pachibwano, magazi chuu. A Zakariya anaseka mpaka anatsokomola.

"Iwe, ukulima kapena ukumeta? Usakanikize. Chitsulochi n'cholemera kale, chisiye chiyende chokha."

Chaka china mwala unagwera mnyamata wa ku Angonia amene tinkagona naye moyandikana. Tinamuika kumanda a pamgodi, opanda mbale wake ndi mmodzi yemwe. Masiku a maliro atatha, a Zakariya anatikhazika pamzere, anthu a m'chipinda chathu tonse, n'kutimeta mipala monga timachitira kumudzi. Anati, "Amake sakudziwa n'komwe kuti mwana wawo wapita. Ndiye timete ndife." Lolemba tinatsika pansi zipewa zachitsulo zikutiterera pamitu, ndipo palibe anaseka.

Kumudzi ndinkatumiza zimene ndikanatha kudzera mwa anthu obwerera: nsalu ija, bulangete, poto, kenako makasu. Ndinapitako kamodzi kokha. Ndinapeza Lusiya ataguluka mano akutsogolo, ndipo atandiona anathawira kuseri kwa nkhokwe. Ndinakhala nyengo imodzi ya dzinja, n'kubwerera kuntchito mkazi wanga ali ndi pakati. Pambuyo pake nkhondo inatseka njira. Obwerera kumudzi anasiya kubwerera, ochokera kumudzi anasiya kubwera. Tinkangomva mphekesera kuti midzi ya kwathu yatenthedwa, anthu athawira ku Zambia. Ndinkafunsa aliyense wolankhula Chinyanja, ngakhale pamsika, ngakhale m'basi. Wina ankati anaona mkazi wanga ali moyo, wina ankati mudzi wathu sunapulumuke munthu. Ndinkagula nsalu n'kuziika m'sutikesi, osadziwa wozivala. Zina njenjete zinadya.

M'zaka zimenezo a Zakariya anayamba chifuwa cha fumbi. Anawachotsa ntchito, koma analibe kopita, choncho tinawabisa m'chipinda mwathu, tikugawana nawo chakudya. Tsopano ndine ndinkawameta. Masaya anali atalowa m'kati moti ndinkachita kukoka khungu ndi zala kuti chometera chipeze poyenda. Lamulungu lina nditamaliza, ndinachitsuka n'kuwapatsa. Anakankha dzanja langa.

"Sunga. Ndevu zotsalazi chikameta ndi chiswe."

Sanafike Lamulungu lotsatira.

Mgodi utayamba kutseka mbali zina, ife achilendo ndife tinayamba kuchotsedwa. Nthawi yomweyo wailesi inali kunena kuti kwathu mfuti zaleka kulira ndipo anthu akubwerera. Ndinamanga katundu wanga, ndinagula malezala angapo pasitolo ija, n'kuuyamba ulendo.

Mudzi wathu ndinauzindikira ndi mitengo ya mango basi. Nyumba zonse zinali zatsopano, tizisakasa ta udzu, tina tofoleredwa ndi malona obwera nawo ku Zambia. M'mbali mwa njira munali zikhomo zopakidwa utoto wofiira, ndipo mwana aliyense ankadziwa kuti kuseri kwa chikhomo sapondako, kuli mabomba okwiriridwa. Mkazi wanga ndinamupeza akupeta mapira. Anakweza maso, nandiyang'ana nthawi yaitali, lichero lili m'manja.

"Mwabwera," anatero.

"Ndabwera, amake Lusiya."

"Khalani pamthunzipo. Madzi akubwera."

Sanalire, sanaseke. Anali atachepa thupi, tsitsi lili mbuu, ndipo ankayenda ngati munthu wozolowera kusafunsa wina chochita. Madzulo ake ndinafunsa za mimba ija ndinaisiya.

"Anali mwamuna. Tinamutcha Yohane. Anafika poyenda ndi kulankhula. Chikuku chinamutenga ku Zambia, pamodzi ndi ana ena ambiri." Anatola kamwala m'mapira n'kukataya. "Tinameta ndi chidutswa cha botolo. Lumo tikanalitenga kuti?"

Mwana wanga anabadwa, anatchula mawu, anamwalira, ine ndikuwola miyala.

Lusiya anali mayi wamkulu tsopano, wokwatiwa. Anabwera, nagwada patali, nandipatsa moni mwaulemu wonse ngati mlendo wochokera ku boma. Chinyanja chake chinali cha ku Zambia, ndipo mawu ena sindinkawamva. Mwamuna wake, Pedulo, anali mnyamata wansangala wokumba golide m'maenje a kufupi ndi Fingoe. Ankabwera kumudzi mwa apo ndi apo, thope lofiira lili m'zikhadabo. Ndinkafuna kumuuza za fumbi ndi za a Zakariya, koma ndikanamuuza kuti adye chiyani?

Pamudzipo ndinalibe mawu. Munda anagawana ine kulibe, nyumba anamanga ine kulibe, ndipo nkhani zonse zimene ankakamba pabwalo zinali za kumene ine sindinafikeko. Chimene ndinali nacho n'chometera chija. Anthu atachiona anayamba kubwera. Akuluakulu a mpingo ankabwera Loweruka. Koma ambiri ankabwera chifukwa cha maliro akale. Munthu akuswa mphanje ankapeza mafupa ndi kansalu kamene mkazi wina ankakazindikira. Ena abale awo anafera m'tchire pothawa, osalira, osameta. Tsopano ankafuna kumaliza mwambo, ndipo ankandituma. Ndinameta mitu yambiri chaka chimenecho, ya amuna ndi ya akazi, tsitsi likugwera pa mapazi anga. Amayi nawonso ankabwera mwakachetechete kudzapempha lezala limodzi la azamba, lodulira mchombo. Ukanamukaniza bwanji munthu? Malezala anga anatha. Otsala obuntha ndinawapukutiza m'tambula mpaka sanathenso kudzuka.

Nyengo imeneyo Lusiya anaima. Ku Malowera kunali posto, kachipatala kakang'ono kamene zipupa zake zinali ndi mabowo a zipolopolo, denga lofolera theka. Namwino wake, bambo wina wa ku Tete, anayendera midzi kamodzi n'kusonkhanitsa amayi pansi pa mtengo. Ine ndinamvera chapatali. Anati mchombo wa mwana azidula ndi lezala latsopano, losagwirapo ntchito ina, ndipo pachilondapo asapakepo kanthu. Ndinati mumtima, izi ndiye ndingathe. Yohane sindinamuchitire kalikonse, koma mdzukulu wanga adzadulidwa ndi lezala labwino.

Ndinabwereka njinga n'kupita ku Fingoe mvula isanayambe. Ndinkayendetsa tayala m'mene munadutsa magalimoto mokhamokha, osapatuka ngakhale pokodza. Ku Fingoe ndinapeza anthu achilendo ambiri, okumba golide ndi ogulitsa malonda, zinenero zosiyanasiyana. Ndinalowa mu loja yoyamba, sitolo ya bambo wina wovala kapusi woyera, n'kutulutsa chometera changa.

"Patrau, bwana wanga, ndikufuna malezala olowa umu."

Anachitenga, nachiyeza kulemera m'dzanja, namwetulira, nanditchula titiyo, ndiye kuti amalume.

"Titiyo, ichi ndi cha makolo. Atate anga anali nacho chotere. Mundigulitse ndichiike pashelefu anthu azionera."

"Sindikugulitsa. Ndikufuna malezala."

"Amenewo sabweranso kuno. Anthu akumeta ndi izi." Anandionetsa tometera ta pulasitiki tachikasu, topepuka ngati phesi, tomangidwa pakhadi. "Umeta kawiri, katatu, wataya."

Ndinakatembenuza kamodzi. Kalezala kake kanali komatiridwa m'kati mwa pulasitiki, kosachotseka. Ndinafunsa kuti nanga azamba adulira chiyani. Bamboyo anatambasula manja.

"Ine ndimagulitsa zimene kamiyau, galimoto ya katundu, yabweretsa."

Ndinayenda loja zonse, ndipo sizinali zambiri. Pomaliza ndinapeza malezala pamsika, kwa mayi wina wogulitsa mchere, singano ndi machesi pamphasa. Anali m'kabotolo, lililonse m'kapepala kake, kolembedwa zilembo zimene sindinazionepo. Ndinafunsa ngati anali atsopano. Mayiyo anati, "Mwaona kuti ali m'pepala, atate." Ndinagula angapo.

Kunyumba ndinayesa limodzi. Linali lopyapyala ngati khoko la anyezi. Nditaliika m'chometera n'kumanga, linathetheka pakati. Lachiwiri linalowa, koma linkazula ndevu m'malo modula, ndipo ndinadzuka pampando nkhope ili magazi okhaokha. M'mawa mwake linali litachita kale dzimbiri. Mkazi wanga anandiyang'ana, nati, "Amenewa ndiye mwapitira ku Fingoe?" Ndinati kudula mchombo n'kamodzi, achita. Awiri osatsegula ndinawaika m'kachitini ka fodya, n'kukasomeka kudenga.

Chaka chimenecho mvula inagwa yoopsa. Inkagwa usana ndi usiku, udzu wa padenga unavunda, zovala zinkanunkha nkhungu, mchere unasungunuka m'chikho. Mitsinje inadzaza, ndipo tinamva kuti kamlatho ka pa njira ya ku Fingoe kakokoloka. Pedulo anali tsidya lija, kumaenje.

Matenda a Lusiya anayamba m'mawa wina mvula ikuwaza. Amayi analowa naye m'nyumba mwake pamodzi ndi azamba, mayi wokalamba amene analandira ana ambiri ku Zambia. Ine ndinakhala pakhonde la nyumba yathu, ndikusema mpini umene sunkafunika kusemedwa. Dzuwa litafika pamutu, ngakhale silinkaoneka, mkazi wanga anatuluka mothamanga.

"Lezala lija."

Ndinatsitsa kachitini. Pepala linali litanyowa, lomatirira kuchitsulo. Nditalisenda ndinaona dzimbiri m'mphepete monse, kamzere kofiira ngati ulusi. Ndinatsegula linalo. Chimodzimodzi.

"Dikirani," ndinatero. "Muliwiritse kaye. Ikani madzi pamoto."

"Moto uti? Nkhuni zonse zanyowa. Mwana wafika kale, ali pamphasa."

"Amake Lusiya, taonani dzimbirili."

Analanda lezalalo m'manja mwanga, nalipukuta pansalu yake.

"Izi si za amuna," anatero, nathamanga.

Ndinamutsatira mpaka pakati pa bwalo, n'kuima pamvula. Chitseko chinatsekedwa. Mwamuna salowa m'chikuta, ngakhale akhale ndani. Ndinamva kulira kwa khanda, kenako nthungululu, ndipo ndinabwerera pakhonde.

Anali mwamuna. Tinatumiza mawu kwa Pedulo kudzera mwa anthu amene ankayesa kuwoloka ndi katundu pamutu. Masiku oyamba zonse zinali bwino. Mkazi wanga anafika ndi mwanayo pakhomo kuti ndimuone ndili panja: tsitsi lambiri lakuda, tizibakera tofumbata, akuyamwa mpweya. Tsiku limenelo mkazi wanga anaseka, koyamba chibwerere changa. Anati, "Mphumi ndi yanu iyi, mwana wosauka."

Mchombo uli pafupi kugwa, mwanayo analeka kuyamwa. Lusiya ankamuika kubere, iye n'kumangolira, kukamwa osatseguka. Kutacha nsagwada zinali zitalimba gwa. Tambala akalira, kapena munthu akagwetsa mbale, kathupi konse kankauma n'kupindikira kumbuyo ngati uta, nkhope ikuchita ngati akuseka. Amayi achikulire anayamba kunong'ona kuti mwana wasemphedwa, bambo wake kumaenjeko ayenera kuti sanadzisunge. Ena ankayang'ana ine, munthu wobwera ndi za kuchilendo. Ndinati nenani zonse, koma tiyeni naye ku posto.

Tinanyamuka atatu. Lusiya anakana kuti wina amunyamulire mwana, ngakhale iye mwini ankayenda mokoka miyendo. Ine ndinkagwira lona pamwamba pawo. M'malo oterera mkazi wanga ankamugwira m'chiuno. Bingu likagunda, ndinkamva mwanayo akuuma m'nsalu, ndipo Lusiya ankaima mpaka zitadutsa.

Namwino uja tinamupeza. Anavundukula mwanayo, nayang'ana pamchombo, nakhudza nsagwada, nafunditsanso.

"Ndi kafumbata. Munadulira chiyani?"

Ndinatulutsa lezala linatsala lija. Analiyang'ana, napukusa mutu.

"Ndi limeneli?" ndinafunsa. "Mundiuze, sinyolo namwino. Ndi lezalali?"

"Mwina. Mwinanso ndi zimene anapaka pachilonda, mwina mphasa, mwina manja. Sindingadziwe, titiyo. Mayi ake akanabayidwa vasina, katemera uja, ali ndi pakati, bwenzi mwanayu atatetezeka. Koma vasina imafuna pozizira, ndipo ine pano ndilibe ngakhale chitseko."

"Nanga mankhwala?"

Anatitsegulira kabati. Munali mabandeji, mapilitsi a malungo ndi botolo la mankhwala ofiirira otsukira zilonda. Anati mwanayu akufunika ku Fingoe, kapenanso ku Tete kwenikweniko, ndipo kamiyau ikapezeka iye mwini akwera nafe. Koma chiyambire mvula panali pasanadutse galimoto. Anatiika m'kachipinda kofolera, natseka zenera ndi katoni kuti muchite mdima, natiuza kuti tisachite phokoso. Anayesa kumudonthezera mkaka wa amake ndi kapaipi, koma sunkalowa.

Ine ndinakakhala pakhonde, maso kumsewu. Kangapo ndinamva kugunda kutali n'kuthamangira pamsewu manja m'mwamba, koma linali bingu. Ndinaganiza zomunyamula wapansi mpaka ku Fingoe. Namwinoyo anati pamtsinje sindikawoloka, ndipo kugwedezeka kwa ulendo kungamumalize msanga. Ndinaganiza zobwereka njinga, zosema machira, zopita ku Zambia. Chilichonse chinkathera pamadzi. Ndakhalapo pansi pa nthaka miyala ikulira pamwamba pa mutu wanga, koma kumeneko unkatha kuthawa. Apa panalibe kothawira kapena chonyamula. Ndinangokhala, manja ali pamaondo.

Anamwalira tsiku lotsatira chakumasana, mvula itakata, dzuwa likuwala bwinobwino. Mkazi wanga anatuluka, naima pambali panga, nati, "Tiyeni tizipita." Pobwerera mwana ananyamula ndi iyeyo. Lusiya ankayenda kumbuyo, kutsogolo kwa bulauzi yake kutanyowa ndi mkaka.

Khanda lotere kwathu sililiridwa mokweza, ndipo amuna sapita kokaika. Amayi okhaokha anatenga khasu n'kutsikira naye kudambo. Panalibe bokosi loti ndikhome, panalibe manda oti ndikumbe, panalibe nyimbo. Dzina anali asanamutche. Ndinaona misana yawo ikulowa m'bango, ndipo patapita kanthawi anabwerako, nasamba m'manja kuseri kwa nyumba. Azamba aja podutsa pafupi nane anaima, nati, "Ndalandira ana ambiri, bambo. Ena ndinadula ndi bango." Sindinadziwe ngati akudandaula kapena akudziteteza. Ndinangoti, "Zikomo, amayi, mwagwira ntchito."

Madzi atayamba kuphwa, ndinali kumunda wa mkazi wanga m'mbali mwa njira, ndikudzutsa chimanga chimene mphepo inagwetsa. Ndinamva belu la njinga ndi mluzu. Anali Pedulo. Mawu oyamba aja anamupeza, achiwiri, a maliro, anali asanamufike. Anali atavala malaya atsopano, matope mpaka m'mawondo. Pakaliyala anamangapo beseni la pulasitiki lobiriwira, losambitsira mwana, ndipo m'besenimo munali sopo, kashawelo koyera ndi tinsapato toluka.

Atandiona anatsika panjinga, navula chipewa, nawomba m'manja, mano onse pamtunda.

"Atate! Mwaswera bwanji? Ndamva kuti kwabwera mwamuna. Akuti wafanana ndi ndani?"

Ndinatuluka m'munda, ndinafika pamene anaima, n'kugwira chiwongolero cha njinga yake ndi manja onse awiri. Iye ankandiyang'anabe akumwetulira, kudikira yankho, mpaka kumwetulirako kunayamba kuzilala kokha.

"Tsamiritsa njingayi pamtengo, mwananga," ndinatero. "Beseni lisiye pompano. Tiye tikhale pansi."